KHOMA LA M'NYANJA NDI NYALI YOFIIRA YA KU POOLBEG

Ife a m'Zambia tinabadwira kutali ndi nyanja ya mcere. Tiri nazo nyanja zathu, Kariba, Bangweulu, Mweru ndi Tanganyika, ndipo ku Mpulungu kuli doko limene timanyadira. Koma madzi okwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, mafunde otha kuswa combo ca citsulo, ndi nyali zoyaka usiku wonse kuongolera amalinyero, zonsezi ambiri a ife timangozimva m'nkhani. Mwezi uno, okondedwa awerengi, tifuna kukutengani ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, dziko limene linatitumizira ansembe, abulazala ndi masisiteri ambiri. Pa khomo la doko la mzindawo pali nsanja yofiira ya nyali, dzina lake Poolbeg. Nsanjayo iri pakati pa madzi, komabe munthu amafikako ndi miyendo, poyenda pamwamba pa khoma la miyala limene linalowa m'nyanja. Mbiri ya khomalo ndi nyaliyo itionetsa m'mene nchito yokhalitsa imamangidwira.

DOKO LOOPSA

Mzinda wa Dublin unamangidwa pa mathiriro a mtsinje wa Liffey. Zaka 300 zapitazo malo amenewa anali oopsa kwa oyenda pa madzi. Kumpoto ndi kumwera kwa mathirirowo kunali milu iwiri ikulu-ikulu ya mcenga, North Bull ndi South Bull, ndipo pakati pake madzi anali kumwazika ponse-ponse, osaya, monga m'mene Luangwa imaonekera m'mwezi wa October. Mphepo ndi mafunde zinali kukokolera mcengawo m'njira ya zombo. Madzi akaphwa, pa khomo peni-peni pa doko kuya kwake sikunali kufika mamita awiri. Motero combo colemedwa ndi katundu cinayenera kudikira kunja, pa mbalambanda, kufikira madzi atakwera. Ndipo namondwe akacipeza ciri pomwepo, cinali kukankhidwira pa mcenga ndi kusweka, anthu a pa mtunda akupenya, osatha kuthandiza.

MITENGO INAOLA, MIYALA INAKHALA

M'caka ca 1707 munakhazikitsidwa bungwe losamalira doko, lochedwa Ballast Office. Cisanafike caka ca 1720 anchito ake anayamba kukhomera mitengo ikulu-ikulu mu mcenga wa kumwera, mzere wautali wolowa m'nyanja, kuti ichinge mcenga usalowe m'njira ya zombo. M'zaka za m'ma 1730 mzerewo unatha, ndipo kumapeto kwake anaikako combo cokhala ndi nyali. Koma mtengo sukhalitsa m'madzi a mcere. Ina inaola, ina inazulidwa ndi namondwe, ndipo ndalama zinali kungothera pa kukonza caka ndi caka.

Cotero mu 1761 anayamba kumanga ndi miyala. Apa pali cinthu cimene cinatidabwitsa kwambiri pamene tinacimva. Amisiriwo sanayambire ku mtunda, monga tikadacitira ambiri a ife. Anayambira kumapeto, pakati pa madzi. Poyamba anaika maziko a nsanja ya nyali, motsogozedwa ndi mmisiri John Smyth, ndipo nyali inayatsidwa mu 1767. Khoma linamangidwa kucokera pa nsanjayo kubwerera ku mtunda. Miyala yolimba ya mtundu wa granite inali kusemedwa ku mapiri a Dalkey, kumwera kwa mzinda, ndi kuoloka nayo pa mabwato. Nchito inatha mu 1795, patapita zaka 34. Ndipo tikawerenga kuyambira pa mtengo woyamba uja, ziri zaka pafupi-fupi 80. Pa nthawiyo linali limodzi mwa makoma a m'nyanja aatali koposa pa dziko lonse lapansi.

Taganizani bwino, awerengi. Mnyamata amene anakhomera mtengo woyamba sanauone mwala wotsiriza; anauona ndi adzukulu ake. Ndiponso kwa zaka 28 nyali inali kuyaka ndi kupulumutsa zombo khoma lisanathe. Womanga aliyense, m'mawa uliwonse, anali kudziwa kumene khomalo liyenera kuthera, cifukwa mathero ake anali ataima kale, akuoneka ndi maso.

KUYENDA PAMWAMBA PA KHOMA

Ulendo wokaona nsanjayi umayambira ku dera la Ringsend, kum'mawa kwa mzinda, potsata mseu wochedwa Pigeon House Road. Dzinali silicokera ku nkhunda ai. Licokera kwa John Pidgeon, mlonda amene anaikidwa kusunga zipangizo za omanga ca m'ma 1760, ndipo iye ndi banja lake anayamba kugulitsa zakudya ndi zakumwa kwa apaulendo otsika m'zombo, mpaka malo onsewo anatenga dzina lake. Mseuwo si wokongola. Umadutsa pakati pa mafakitale, malo oyeretsera madzi oipa a mzinda, ndi nyumba yopangira magetsi yokhala ndi macumuni awiri a mizere yofiira ndi yoyera, aatali mamita 207. Macumuniwo analeka kutulutsa utsi mu 2010, koma a ku Dublin amawakonda ngati cizindikilo ca kwao, ndipo akali ciimire.

Mbali yaikulu ya khoma lakale inamezedwa ndi mtunda umene anthu anakwirira m'nyanja kuti amangepo. Cotsala, cimene munthu amayendapo lero, ndi makilomita pafupi-fupi awiri. Mafakitale akatha, mwadzidzidzi mumapezeka muli pa njira ya miyala, yotakata moti ngolo ziwiri zingapambane, madzi uku ndi uku, ndipo kutsogolo kutali kukuoneka kanthu kofiira, kakang'ono ngati cala.

Tsiku limene tinayendapo kunali mphepo yozizira yolasa m'mafupa, ngakhale dzuwa linali kuwala. Miyalayo ndi yaikulu, yosalala cifukwa ca mapazi ndi mafunde a zaka zoposa 200, koma siyofanana msinkhu; wina watsika pang'ono, wina wakwera, ndipo pakati pake pali ming'alu. M'mbali mulibe cogwirira ciriconse. Cifukwa cace munthu sangayende akuyang'ana nsanja yokha, angapunthwe. Sangayendenso akuyang'ana pansi pokha, angalowere ku mphepete. Maso amasinthana, pansi ndi kutsogolo, pansi ndi kutsogolo. Tinaona makolo atagwira ana ao pa mkono zolimba, ndi okalamba akuyenda awiri-awiri.

Ku dzanja lamanzere kuli njira yakuya ya zombo. Zombo zonyamula anthu ndi magalimoto, zopita ku Holyhead m'dziko la Wales, zimadutsa pafupi kwambiri moti okweramo mumawaona nkhope ndipo ena amakugwedezerani dzanja. Ku dzanja lamanja kuli mcenga uja wa South Bull. Madzi akaphwa umaoneka poyera, cidikha cacikulu conyezimira, mbalame zikutola zakudya, ndipo kuseri kwake kuli mapiri a Dublin ndi Wicklow. Apa ndi pamene munthu amamvetsa nchito ya khomali, pakuti mcenga wonsewo, umene kale unali kutseka doko, waima kumbali imodzi, ndipo zombo zikuyenda mwaufulu kumbali inayo. Pakati pa ziwirizi pali miyala imene mwapondapoyo basi.

Ca pakati pa ulendo pali kanyumba kochedwa Half Moon. Kale panali mizinga yotetezera doko, koma kuyambira mu 1898 ndi malo a bungwe la osambira, ndipo ena a iwo amalowa m'madzi ngakhale m'miyezi ya cisanu coopsa. Kucoka pamenepo mphepo imakula, phokoso la mzinda limazimirira, ndipo kanthu kofiira kaja kamayamba kukula pang'ono-pang'ono. Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Patapita mphindi 30 kapena 40, mumapezeka mwaima patsinde pa nsanja.

Kwa amene Mulungu adzawapatsa mwai wofika ku Dublin, kapena amene ali ndi ana ao ogwira nchito kumeneko, malangizo athu ndi awa: kulowa n'kwaulere; valani nsapato zogwira pansi ndi covala cochinga mphepo; pitani masana; ndipo kukakhala namondwe musayese, pakuti mafunde amalumpha khomalo, ndipo akulu a doko amatseka njira pa masiku otere.

PATSINDE PA NSANJA

Nsanja ya Poolbeg ndi yozungulira, yonenepa kunsi, yaitali mamita pafupi-fupi 20. Maonekedwe amene iri nao lero ndi a mu 1820, pamene inamangidwanso. Poyamba nyali yake inali ya makandulo, ndipo mu 1786 anasintha nayamba kugwiritsa nchito mafuta. Tangoganizani munthu amene anali kukhala kuno usiku wa namondwe, mafunde akumenya zipupa, iye akuyang'anira makandulo kuti asazime, osadziwa maina a amalinyero amene moyo wao unali m'manja mwake, ndipo iwonso osamdziwa iye. Masiku ano nyali imadziyakira yokha ndi makina, ndipo citseko ca nsanja cimakhala cotseka kwa alendo. M'dziko lonse la Ireland, alonda otsiriza a nyali zotere anacoka mu 1997 pa nsanja ya Baily, ku phiri la Howth, limene limaoneka patsidya mukaima pa Poolbeg.

Kufiira kwa nsanjayi si kokometsera cabe. Pa nyanja za ku Ulaya ndi za kuno ku Africa pali lamulo lakuti combo colowa pa doko cisiye cizindikilo cofiira ku dzanja lamanzere ndi cobiriwira ku dzanja lamanja. Mukayang'ana kumpoto, patsidya pa njira ya zombo, muona nsanja ina yobiriwira yoima m'madzi, yochedwa North Bull. Woyendetsa combo, kaya ndi Mgiriki, Mfilipino kapena Mswahili, safuna womasulira. Akadutsa pakati pa ziwirizi, walowa bwino.

Palinso ulemu wina umene nsanjayi inalandira. Pa 8 April 1837 akatswiri ojambula mapu anayeza pamene madzi anaphwera patsinde pake, ndipo kwa zaka zoposa 100 msinkhu wa phiri lirilonse ndi mudzi uliwonse pa mapu a Ireland unali kuwerengedwa kucokera pa muyeso umenewo.

MAKOMA AWIRI, MTSINJE UMODZI

Khoma la kumwera litatha, mavuto onse sanathe. Mu November 1807 zombo ziwiri, Rochdale ndi Prince of Wales, zinanyamuka pa Pigeon House zitanyamula asilikali, ena pamodzi ndi akazi ndi ana ao. Namondwe wa cipale cofewa anazibweza nazimenyetsa pa miyala ya gombe la kumwera, ndipo anthu pafupi-fupi 400 anamira. Maliro amenewa ndiwo anafulumizitsa kumangidwa kwa doko lothawirako la Dún Laoghaire, limene linayambika mu 1817. Ndiponso pa khomo la Dublin peni-peni mcenga unali ukali wotseka njira.

Mu 1800 woyendetsa zombo wochuka, William Bligh, yemwe uja amalinyero ake anamuukira pa combo ca Bounty mu 1789, anaitanidwa kudzayeza kuya kwa madzi a Dublin, ndipo analangiza kuti pamangidwe khoma lina kumpoto. Khomalo, lochedwa Bull Wall, linamangidwa kuyambira 1820 kufikira 1825 motsogozedwa ndi George Halpin, ngakhale silinatsate mzere weni-weni umene Bligh anajambula. Nzeru yake inali yotere. Madzi akakwera amadzaza malo onse a pakati pa makoma awiriwo. Akayamba kuphwa, amasowa kwina kotulukira, ndipo onse pamodzi ndi a mtsinje wa Liffey amapanikizana pa khomo lopapatiza la pakati pa nyali yofiira ndi yobiriwira. Pothamanga pamenepo amakokolola mcenga wa pansi ndi kuutaya kunja. Kawiri pa tsiku, caka ndi caka, madzi anadzikumbira okha njira, moti m'zaka zosakwana 50 kuya kwa pa khomo kunacoka pa mamita osafika awiri kufika pafupi-fupi mamita asanu.

Mcenga wocotsedwawo sunapite pacabe. Unaunjikana kuseri kwa khoma la kumpoto, ndipo lero ndi cisumbu ca Bull Island, cotalika makilomita asanu, kumene atsekwe ocokera kumpoto kwa Canada amabwera kudzathera nyengo ya cisanu.

Ife makolo tingatolepo kanthu apa. Mtsinje womwewo, pamene unali womasuka kupita kulikonse, unali wosaya, wosatha kunyamula combo. Utaikiridwa malire mbali ziwiri, unazama. Mwana amene pa nyumba alibe nthawi yofikira, alibe nchito yake ya tsiku ndi tsiku, alibe nthawi ya pemphero, mphamvu zake zimangomwazika. Koma tizindikirenso kuti makomawo sanatseke mtsinje; anausiyira khomo, nauonetsa kolowera.

NYENYEZI YA PA NYANJA

Mukaima pa Poolbeg ndi kuyang'anitsitsa ku khoma la kumpoto lija, muona cinthu cacitali coima pa mizati itatu ya konkire. Ndi cifanizo ca Amai Maria, Nyenyezi ya pa Nyanja, cimene m'cinenero ca ku Ireland amacicha Réalt na Mara. Cinaimikidwa mu 1972, ndipo ndalama zake zinasonkhedwa kwa zaka zambiri, maka-maka ndi anchito a pa doko, anthu onyamula katundu wa m'zombo, a malipiro ocepa. Dzina lakuti Nyenyezi ya pa Nyanja ndi lakale kwambiri mu Eklezia. Kusanabwere makina a masiku ano, amalinyero anali kupeza njira usiku poyang'ana nyenyezi, ndipo akhristu anaona kuti Maria amacita cimodzi-modzi: saitanira anthu kwa iye mwini, amawalozera kwa Mwana wake. Nyali ya pa doko nayonso iri tero. Palibe woyendetsa combo amene amalunjika pa nsanja peni-peni, cifukwa angasweke. Amaiyang'ana kuti apeze khomo.

AMENE ANATULUKIRA PA KHOMO LIMENELI

Mmishonale aliyense amene anakwera combo pa doko la Dublin anadutsa pakati pa nyali ziwirizi, ndipo nsanja yofiirayi inali cimodzi mwa zinthu zotsiriza za kwao zimene anaziona. A Capuchin a ku Ireland anafika ku Livingstone mu 1931. Masisiteri a Charity, cipani cimene Mary Aikenhead anayambitsa ku Dublin mu 1815, anafika ku Chikuni mu 1948. Ajezuiti a ku Ireland anabweranso m'zaka zomwezo, ndipo Mjezuiti mnzao wa ku Ireland, James Corboy, anakhala episkopi woyamba wa Monze mu 1962. Pambuyo pake kunabwera ansembe a Patrick Woyera a ku Kiltegan. Ambiri a iwo anamanga monga amisiri a khoma aja: anayatsa nyali poyamba, pansi pa mtengo kapena m'kacisakasa ka udzu, ndipo masukulu, zipatala ndi maparishi zinatsatira pambuyo, mwala ndi mwala. Ena anagona m'manda a pa mishoni asanaone mwana wa m'dziko muno akudzozedwa unsembe.

Koma nkhani ya Eklezia wa ku Ireland iri ndi mbali yowawa imene sitiyenera kuibisa. Lero maseminale a kumeneko atsala ocepa. Koleji ya All Hallows ku Dublin, imene inatsegulidwa mu 1842 kuphunzitsa ansembe opita ku maiko akutali, inatsekedwa mu 2016. M'maparishi ena Misa ikuperekedwa ndi ansembe ocokera ku Africa ndi ku India. Zifukwa ndi zambiri, koma cimodzi cacikulu ndi ici: mu 2009 lipoti la boma lochedwa Murphy Report linaonetsa kuti kwa zaka zambiri akulu a arkidayosizi ya Dublin anabisa milandu ya ansembe ena amene anacitira ana zoipa, poopa kuti dzina la Eklezia lingaipe. Mng'alu wobisidwa unakula, ndipo anthu ambiri anataya cikhulupiriro mwa abusa ao.

Khoma la Poolbeg laima zaka zoposa 200 cifukwa eni doko saleka kuliyendera. Namondwe akapita, amayang'ana mwala umene wasunthika ndi kuubwezera, ndipo kunja kwake anaunjikako miyala ina yoswa mphamvu ya mafunde. Sacita manyazi kunena kuti pano pagumuka.

ZOTSALIRA IFE

M'miphakati yathu ndi m'machalichi athu a ku midzi muli nchito zambiri zimene zinaima pa mawindo: njerwa zinaumbidwa, maziko anakumbidwa, kenaka komiti inasintha, atsopano nayamba zao. Kawiri-kawiri cimasowa si simenti yokha. Cimasowa ndi kugwirizana poyamba pa cimene tikumangira, kuti wobwera pambuyo apeze mathero ataima kale ndi kupitiriza mzere womwewo. M'banja ndi cimodzi-modzi. Bambo ndi mai amene amagwada ndi ana ao madzulo alionse, ngakhale kwa mphindi zisanu, ayatsa kale nyali; zina zonse, sukulu, ulemu, ukwati wabwino, zidzamangidwa kulinga pamenepo, ndipo mwina adzaziona ndi adzukulu. Ndipo pamene mwana adandaula kuti wamkulu wina, kaya ndi wa m'banja, wa ku sukulu kapena wa ku chalichi, wamcita zosayenera, timumvere ndi kukanena kwa oyenera tsiku lomwelo.

Pomaliza, tikumbutsane kuti Sande yaciwiri ya mwezi wa July ndi tsiku limene Eklezia amapempherera oyenda pa nyanja, motsogozedwa ndi bungwe la Stella Maris limene linayamba ku Glasgow mu 1920. Ngakhale tiri kutali ndi gombe, feteleza wa m'minda yathu, mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'zipatala zathu zimafika pa madoko a Dar es Salaam, Beira, Nacala ndi Durban m'manja mwa amalinyero amene amatha miyezi osaona mabanja ao. Aphunzitsi a katekisimu ndi atsogoleri a mapemphero, lembani tsikuli m'mabuku anu, ndipo pa mapemphero a akhristu caka cino muwachule anthu amenewa.